Tinawalira a Anselmo Ali Moyo

Amuna anga a Anselmo anabwerako mu Epulo chaka cha 1977, atatha zaka zitatu kumene anawatengera. Anatsika basi ku Dedza n'kuyenda wapansi mpaka kwathu, kuseri kwa Bembeke. Anavala kabudula yemwe anachoka naye, koma tsopano atamumanga ndi luzi m'chiuno. Chimene anawamangira sitinachidziwe. Iwo anali ocheka matabwa kunkhalango ya paini ya m'phiri, ndipo tsiku lina galimoto inangofika kuntchito n'kuwanyamula. Powamasula anawauza kuti akadzamveka akusimba za kumeneko, kapena akadzapalamula kanthu kokhudza chipani, adzabwerera ndipo sadzatulukanso.

Kusimba sikunali vuto, pakuti sankanena kanthu. Vuto linali tulo.

Sankagona chotambalala. Ankanyonyomala pakona, mawondo pachifuwa, msana kukhoma, mpaka kunja kuche. Galimoto ikalira kumsewu, amakhala ataima kale. Pofika Juni maso anali ofiira ngati a nkhuku yodwala, manja akunjenjemera. Tsiku lina tikukumba mbatata ya kachewere anadzitema chala chakuphazi ndi khasu, n'kumangoyang'ana magazi ngati ndi a munthu wina.

Kuchipatala anatipatsa timapiritsi toyera. A Anselmo anakana kumwa, ati tikawagwetsa sadzamva anthu akamabwera. Madzi odalitsidwa ndinawaza nyumba yonse mpaka zitseko zinatupa. Akulu anga a Monika, amene nyumba yawo ili kumtunda kwa yathu, anati ndiwamwetse kachasu. Anamwa, anasanza, kenaka analira. Sindinabwerezenso. Anthu m'mudzi anayamba kundipatsa moni wa mawu otsika, ngati ndafedwa kale.

Apo m'pamene ndinakumbukira Abibi Sarla. Nditamaliza Sitandade 6 ndinagwira ntchito zaka zisanu pagolosale ya amwenye m'tauni, ndipo Abibi anali mkazi wa mwini sitolo. Madzulo aliwonse akatseka, ankayala kamphasa pakhonde lakuseri n'kumadzipinda pang'onopang'ono. Ankati ndi yoga. Ine ndinkawasuzumira ndikuseka, mpaka tsiku lina anandigwira n'kunena kuti poti mano ndili nawo ambiri, ndigwade pambali pawo. Ndinaphunzira chifukwa msana unkandipweteka ponyamula mabelo a nsalu. Koma chimene ndinkakumbukira tsopano n'chakuti ndikachita zimenezo ndinkagona ngati mwala.

M'nyumba a Anselmo sakanalola, chifukwa chitseko chikatsekedwa mpweya unkawathera. Choncho ndinayala mphasa kuseri, pakati pa nkhokwe ndi mpanda wa bafa, pamene dzuwa lamadzulo limasiya khoma likutentha.

"Gwadani apa, bambo a Elena," ndinatero. "Matako pazidendene, mphumi pamphasa, manja kutsogolo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwafika pondilowetsa Chisilamu?"

"Asilamu amagona tulo. Inu ndi korona wanu mwagona liti?"

"Anthu akationa?"

"Adzaona matako a munthu wosagona. Gwadani."

Anagwada, koma thupi linali gwaa ngati thabwa. Ndinaika dzanja pamsana pawo, anadzidzimuka, ndinalichotsa. Kuyambira pamenepo sindinawagwirenso, ndinkangochita pambali pawo iwo n'kumatsanzira. Tinkapinda msana ngati mphaka akamadzuka. Tinkagona chagada miyendo itatsamira kukhoma. Ndinkawerenga mokweza: kukoka mpweya mpaka kanayi, kuutulutsa mpaka kasanu n'kamodzi. Chomaliza chinali kugona chagada pamphasa, miyendo yotayana, zikhatho zoyang'ana kumwamba, osagwedeza kanthu. Abibi ankati kumeneko ndi kugona kwa mtembo. Dzina limenelo sindinawauze.

Sabata yoyamba sanatseke maso n'komwe. Yachiwiri ankatseka, koma nkhuku ikangopalasa amatsegula. Komabe manja anachepa kunjenjemera, ndipo tsiku lina anapita okha kukaonana ndi kapitawo wawo wakale kunkhalango. Anabwera akunena kuti mu Ogasiti ntchito yawo ikuwadikira. Tsiku limenelo anadya n'kupempha kuwonjezera.

Linali Lachinayi la sabata yachitatu, mu Julayi, nkhungu itayamba kutsika m'phiri. Tinafika pa chomaliza chija. Ndinawerenga, ndinawerenganso, kenaka ndinamva kuti mpweya wawo wasiya kutsata mawu anga. Ndinatembenuka. Kukamwa kunali kotsegula pang'ono, chibwano chitagwa. Mapazi anagwera uku ndi uku. Anali atagona, chagada, kwa nthawi yoyamba chibwerere.

Ndinadzuka monyang'ama. Mphepo ya kuno mu Julayi imalowa mpaka m'mafupa, ndipo chofunda chapafupi chinali shiti yoyera imene ndinayanika pachingwe. Ndinawafunditsa mpaka m'khosi. Mphepo inayamba kuwaulutsira mankhusu a pankhokwe kumaso, ndipo anakwinya mphuno. Ndinakoka shiti ija n'kuphimba ndi nkhope yomwe. Kenaka ndinakhala pansi kumutu kwawo, miyendo yotambasula, manja pamiyendo, nditawerama, kuti ndiziingitsa nkhuku.

Ine wobadwira m'mudzi muno, amene ndakhala kumutu kwa mitembo yosawerengeka, sindinaganize n'komwe mmene tinkaonekera.

A Monika anatulukira pakona ya nyumba kudzabwereka sefa. Anaima. Beseni limene ananyamula linagwa pansi.

"Mayo ine! Alamu anga ine! Mayooo!"

Ndinawalumphira n'kuwatseka pakamwa. "Khalani chete, agona! Agona tulo!"

Anandikumbatira mwamphamvu n'kukuwira paphewa langa. "Limba mtima, mng'ono wanga! Anselmo watisiya ife!"

Kumtunda mayi wina analandira mfuu uja, kutsidya kwa dambo winanso. Palibe anafunsa kuti wamwalira ndani. Mudzi wonse unali utadikira maliro amenewa kuyambira Epulo. Mphindi zochepa bwalo lathu linali litadzaza. Amayi anakhala pansi mozungulira mphasa n'kumalira, abambo anaima chakumpanda manja kumbuyo. Wina anali atayamba kale kufunsa za nkhuni.

Ndinakuwa kuti munthuyo ali moyo. Ndinati ayang'ane shiti pachifuwa mmene ikukwerera. Kunali kutayamba mdima, ndipo palibe anayang'ana. Amayi awiri anandigwira manja n'kundikhazika pansi. "Aliyense amatero tsiku loyamba," mmodzi anandinong'oneza, akundisisita mutu.

A Anselmo sanadzuke. Phokoso lonse lija, munthu amene ankadzidzimuka ndi nkhuku, anali gone. Mpaka lero chimenechi chimandipweteka kuposa zonse.

Kenaka anafika a Gerevazio. Iwowa ndi msuweni wanga, mwana wa atsibweni, ndipo tinakula tikutukwanizana. Nthawi imeneyo anali wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzi mwathu. Anabwera atavala jombo ndi jekete ya baji pachifuwa, tochi m'manja, anyamata awiri a chipani a malaya ofiira ali pambuyo. Monga wamkulu wa kubanja, anayenera kuona nkhope asanatumize uthenga kwawo kwa mkamwini.

"Asuweni, musayatse tochi!" ndinakuwa. "Gerevazio, usayatse!"

Anagwada, anavundukula shiti, n'kuwalitsa tochi m'maso mwa amuna anga.

Ndinangomva phaa. Tochi inaulukira kunkhokwe, a Gerevazio anagwa chagada atagwira kukamwa. Amayi anabalalika akukuwa kuti mtembo wadzuka, ena kugwera pampanda, ena kusiya zitenje. A Anselmo anali atanyonyomala pakati pa mphasa, manja onse pamutu, maso osaona aliyense.

"Ndilipo, bwana! Ndilipo! Musathire madzi, bwana! Sitinamuphe ife, anafa yekha Lolemba! Tinangomukhazika kukhoma kuti tizilandira phala lake!"

Anabwereza kawiri. Amene sanathawe anamva mawu onse, ndi anyamata a malaya ofiira omwe. Baji ya a Gerevazio inali m'fumbi pafupi ndi phazi la amuna anga. Ndinaitola ine, ndinaipukuta ndi chitenje, n'kuipereka kwa mwini wake. Anailandira osandiyang'ana.

M'mawa mwake ndinapita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akuvumata madzi amchere, mlomo utatupa ngati chitumbuwa.

"Mwadzuka bwanji, asuweni? Mwakongola."

"Usandiseke, Magadalena. Dzino ili likugwedera."

"Linali lovunda kale. Ndinakuuzani za tochi."

"Ndiye munthu wamoyo amafunda shiti yoyera kumutu? Mumachita chiyani kuseri kuja? Ena akuti mwalowa za Mboni, ena akuti mukukhwima."

"Timaongola msana kuti agone. Ndinaphunzira kwa amwenye."

"Kwa amwenye!" Analavula. "Zimenezo usakazinenenso kwina." Anayang'ana kunjira, kenaka anatsitsa mawu. "Tamvera. Za dzino ndikhoza kuiwala. Koma wamenya wapampando pamaso pa anthu, baji yagwa pansi, ndipo zimene wanena zija anyamata aja azimva. Mmodzi wakwera kale njinga. Loweruka apampando a dera akubwera kudzachititsa msonkhano pasukulu. Ndikabisa, galimoto idzanyamula awiri."

"Ndiye mukanena kuti chiyani?"

"Zimene zachitika. Munthu wanzeru zake akachita zotere, mlandu wake ukudziwika."

Apo ndinakumbukira munthu wina. Pamsika wa Bembeke panali Kenan, wovala matumba a feteleza, amene ankatukwana aliyense, ngakhale ogulitsa makhadi a chipani. Tsiku lina anawalanda khadi n'kulidya. Anthu anaseka, iwonso anaseka, ndipo Kenan anagona kwawo.

"Nanga wopanda nzeru zake?" ndinafunsa.

A Gerevazio anandiyang'ana ndi diso limodzi. "Iwe ndiwe mfiti kuyambira uli mwana."

"Yankhani."

"Sindinganene ine. Unene ndiwe, mkazi wake, pamaso pa anthu. Ndipo mwini wake akhale pomwepo, asatsutse. Akangoti ndili bwino, basi, wapita."

Nditafika kunyumba ndinapeza a Anselmo akunola macheka awo aakulu pansi pa pichesi. Ankanola dzino limodzi limodzi, mosamala, pokonzekera Ogasiti. Ndinawauza zonse osazungulira. Tupa inaima.

"Mukanene kuti ndine wamisala."

"Inde."

"Mayi a Elena, kumene kuja anandilanda zonse. Mano awa, zaka, ngakhale dzina ankandiitana ndi nambala. Chimene ndinabwera nacho ndi mutu wokha. Ndinkawerenga mitengo ya m'phiri mumtima, mzere ndi mzere, kuti usasokonekere. Ndiye inu mukaupereke pabwalo la sukulu?"

"Mutu wanuwo ukakwera galimoto Loweruka, ine ndidzatsala ndi chiyani? Kabudula?"

"Wamisala sapatsidwa macheka."

"Wandende sapatsidwanso."

"Zonsezi ndi mphasa yanu ija."

"Ndi shiti. Mphasa inakugonetsani." Ndinaima. "Sindikukupemphani kuti muname. Mungokhala chete. Zimenezo mumazitha."

Tupa inayambanso kulira. Madzulo a tsikulo sanabwere kuseri, ndipo usiku anabwerera pakona pawo.

Loweruka tinakhala padzuwa pabwalo la sukulu. Titaimba nyimbo, titaonetsa makhadi, apampando a dera anaitanitsa nkhani ya m'mudzi mwathu. Anali bambo wonenepa wa magalasi, wolankhula mofatsa ngati wansembe. A Anselmo anawakhazika pansi kutsogolo kwa tebulo. A Gerevazio anafotokoza mwachidule, akupeputsa mawu chifukwa cha mlomo, n'kumaliza kuti mkazi wa a Anselmo ali ndi mawu.

Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndipo ndinanena mokweza kuti wakumbuyo amve.

"Amuna angawa mutu wawo sukuyenda bwino, bwana. Usiku sagona. Amalankhula ndi anthu amene palibe. Amadzitema ndi khasu osamva kuwawa. Zimene ananena Lachinayi ndi zimene amanena masiku onse, lero za phala, mawa za ndege. Dzana anandiuza kuti nkhuku zathu ndi asilikali."

Anthu ena anaseka. Za nkhuku ndinapeka pomwepo. Msana wa a Anselmo sunagwedezeke.

Apampando anavula magalasi n'kumawapukuta. "Pepani, mayi. Ndiye matendawa anayamba liti? Kapena anawatenga kumene anali kuja?"

Ndinaona a Gerevazio akuyang'ana jombo zawo. Ndikanati inde, ndiye kuti ndanena kuti boma limapengetsa anthu, ndipo galimoto ikananyamula ine ndi amuna anga.

"Ayi, bwana. Kumeneko anabwerako ali onenepa. Ndi zakumtundu kwawo. Atsibweni awo anafa atamangidwa pamtengo, agogo awo ankayenda maliseche. Ine anandibisira pokwatiwa."

Atsibweni awo a Vinsenti anali katekisiti, ndipo anafa ndi chifuwa ali pabedi lawo. Mlongo wawo wa a Anselmo anali m'gulumo, atabwera kuchokera ku Lobi atamva za maliro. Ndinamuona akuimirira, anzake n'kumukokera pansi.

Apampando anabweza magalasi. "Aphiri," anatero kwa amuna anga, "akazi anu akuti ndinu odwala mutu. Inu mukuti bwanji? Lankhulani momasuka, pano ndi pa ufulu."

A Anselmo anadzutsa mutu. Ndinaona milomo yawo ikutseguka. Ndinkawadziwa. Ankafuna kutchula dzina la atsibweni awo ndi ntchito imene ankagwira. Anayang'ana tebulo, anayang'ana galimoto imene inaima pansi pa mkungudza, kenaka anandiyang'ana ine.

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kugwada. Anakhazika matako pazidendene, anatambasula manja kutsogolo, n'kuika mphumi m'fumbi. Ndinali pafupi, ndiye ndinkamva. Ankakoka mpweya mpaka kanayi, n'kuutulutsa mpaka kasanu n'kamodzi.

Mwana wina anayamba kuseka, kenaka bwalo lonse. Apampando nawo anaseka mpaka kupukuta misozi. "Akulambira tebulo! Mayi, tengani katundu wanu. Muziwamanga mwezi ukakhala, asadzagwetse mano a apampando onse." Anapitirira kunkhani ya chopereka cha mazira.

Ndinadikira kuti adzuke okha. Tinayenda kubwerera kunyumba, iwo patsogolo, fumbi likadali pamphumi. Sindinawauze kuti apukute. Sindinafunse ngati anagwada kuti andithandize bodza langa kapena kuti angodzigwira mtima, ndipo mpaka lero sananene.

Ogasiti anafika, kapitawo anatumiza mawu kuti malo adzaza. Macheka ali kudenga, ndinawakulunga m'chiguduli. Mlamu wanga wa ku Lobi sanapondenso pakhomo pathu. Kutchalitchi anawachotsa pa owerenga mawu. Pamilandu ya m'mudzi akatsegula pakamwa, anthu amamwetulira n'kudikira kuti amalize. Mwana wathu Elena anabwera kutchuthi n'kundifunsa ngati zakumtundu zija zidzamugwire iyenso. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa atsuke mbale.

Patapita sabata ziwiri chichitikire msonkhano, madzulo ena ndinamva mphasa ikukokedwa kuseri. Ndinapita. Anali atayala okha, pakati pa nkhokwe ndi bafa. Ndinagwada pambali pawo n'kuyamba kuwerenga.

"Ndidziwerengera ndekha," anatero, osanditembenukira.

Ndinadzuka n'kukakhala pamwala wa pakona.

Tsopano amachita madzulo aliwonse, poyera, ndipo palibe amafunsa. A Monika amadutsa ndi ndowa yawo osacheuka. Anyamata a malaya ofiira akadutsa amangogwedeza mutu. Akafika pa chomaliza chija amagona, nthawi zina mpaka ndiwadzutse kuti alowe, ndipo m'nyumba amagonanso chotambalala kufikira tambala woyamba. Thupi labwerera, manja sanjenjemera. Amalima, amadya, amandiyankha ndikafunsa. Kupitirira apo salankhula nane.

Sanandikhululukire, ndipo ine sindinapemphe. Kukazizira ndimawafunditsa bulangete lofiira, n'kulekeza pachifuwa. Shiti ija ndinaing'amba, ndimasefera mowa wa masese.